Kaampu kotsika mtengo nkokwana kugonthetsa mwana wanu

Msika wa fodya, soya ndi mtedza ukatsegulidwa, ndalama zimalowa m'midzi ya ku Mchinji, ndipo china mwa zinthu zoyamba kugulidwa ndi zoimbira. Kale munthu ankagula wailesi ya mabatire anayi nkukhutira. Lero mukupeza kasola, batire ya 12V, masipika awiri ndi kaampu kakang'ono kolowetsa flashi kapena kulumikiza ku foni. Kaya mwagula pa Chiosya pompano, pa Kamwendo, ku Lilongwe kapena mwaoloka pa Mwami kukatenga ku Chipata, katundu wake ndi wofanana: kabokosi kopepuka, magetsi ophethira kutsogolo, ndi manambala akuluakulu pa katoni.

Sindikuti musagule. Nyimbo panyumba ndi chinthu chabwino, ndipo amene walima chaka chathunthu ali ndi ufulu wosangalala ndi thukuta lake. Chimene ndikukana ndi maganizo amene afala akuti kaampu kotchipa nkoseweretsa chabe, koti sikangapweteke munthu, ndipo zoopsa ndi zimasipika zazikulu za pa ukwati zokha. Kwa mwana wokwawa pafupi ndi sipika m'chipinda chochezera, kaampu kanu ka mtengo wozizirako nkokwana kuwononga makutu ake mpaka kalekale.

Tiyambe ndi bodza la pa katoni. Mukawerenga "2000W", ndiye penapake pali zilembo zoti PMPO, dziwani kuti nambalayo ndi yogulitsira malonda. Nambala yoti muikhulupirire ndi imene yalembedwa kuti RMS, yomwe imanena mphamvu zimene ampu ingatulutse mosalekeza, ndipo kawirikawiri mumaipeza m'timalemba ting'onoting'ono kapena osaipeza nkomwe. Mutha kudziwerengera nokha. Kuti chipangizo chitenge mawatsi 2000 pa batire ya 12V chiyenera kukoka ma ampeya oposa 160. Batire ya 50Ah ingathe isanakwane mphindi 20, ndipo timawaya timene timabwera ndi kaampuko tingasungunuke nyimbo yoyamba isanathe. Yang'anani fyuzi ya kumbuyo: ngati yalembedwa 5A, ndiye kuti chipangizo chonsecho sichingakoke mawatsi oposa 60. Tiampu tambiri totere, tikalumikizidwa ku batire ya 12V ndi sipika ya ma ohm 4, sitipitirira mawatsi 20 pa sipika imodzi.

Wina atha kupuma mtima pansi apa nkunena kuti, basi, ndiye kuti kanga nkofooka, palibe choopsa. Komatu apa mpamene pagona nkhani. Sipika siifuna mawatsi ambiri kuti ifuule. Masipika ambiri a m'nyumba, mukawapatsa watsi imodzi yokha, amatulutsa phokoso la ma desibelo pakati pa 85 ndi 90 mukayeza pa mtunda wa mita imodzi. Mukawapatsa mawatsi 10, phokoso limafika 95 mpaka 100. Ndiye kuti ngakhale wogulitsa anakunamizani pa mawatsi, zochepa zimene mwatengazo ndi zochuluka kale kuposa zimene khutu lingapirire.

Desibelo ndi muyezo wa kukula kwa phokoso, ndipo sayenda ngati makilogalamu pa sikelo ya vendala. Anthu awiri akamacheza bwinobwino amakhala pa ma desibelo pafupifupi 60. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu atha kumvera phokoso la 80 kwa maola 40 pa sabata popanda vuto. Koma mukangowonjezera ma desibelo 3 okha, mphamvu ya phokoso imawirikiza kawiri, ndipo nthawi yoyenera kumvera imadulidwa pakati. Pa 90 mwatsala ndi maola 4 pa sabata yonse. Pa 100 mwatsala ndi mphindi pafupifupi 20. Kwa ana, muyezo umene WHO ndi bungwe la ITU anakhazikitsa mu 2019 wokhudza mafoni ndi zomvera za m'makutu ndi wotsikirapo, ma desibelo 75 kwa maola 40. Mukatsata masamu omwewo, mwana pa 90 ali ndi ola limodzi ndi mphindi 15 pa sabata. Tsopano ganizirani Loweruka limodzi pamene ampu yayatsidwa m'mawa posesa pabwalo nkudzazimitsidwa batire itatha madzulo.

Chimachitika nchiyani m'khutumo? Kuseri kwa ng'oma ya m'khutu, mkati mwenimweni mwa fupa la mutu, muli kachiwalo kopindika ngati chigoba cha nkhono. Mmenemo muli timaselo tokhala ndi tiubweya, pafupifupi 16 000 m'khutu limodzi, timene timasandutsa kunjenjemera kwa mawu kukhala uthenga wopita ku ubongo. Phokoso lalikulu limatitopetsa. Ndi chifukwa chake mukachoka ku chinkhoswe makutu amalira kapena kumva ngati mwatsekeredwa thonje. Mawa lake mumamva bwino, nkumati zatha. Nthawi zina zimathadi. Koma zikamabwerezabwereza timaseloti timafa, ndipo munthu sameranso tina. Palibe jekeseni, palibe mankhwala a kuchipatala kapena a kwa sing'anga amene amatidzutsa. Amene anabadwa nato ndi omwewo, ayenera kumufikitsa ku ukalamba.

Choipa china nchakuti vutoli silipweteka, ndipo silibwera ngati kusamva kwenikweni poyamba. Phokoso limayamba kupha timaselo timene timamva mawu opyapyala, a pamwamba. Mawu ngati a, e, o amamvekabe, koma s, f, ts ndi ena otere amayamba kusokonekera. Mwana amamva kuti amayi alankhula, koma sasiyanitsa ngati anena kuti "kusamba" kapena "kufamba". Pakhomo, pamene pali phee ndipo akuona milomo yanu, amalota nkulondola. M'kalasi modzaza ana, aphunzitsi atatembenukira ku bolodi, zimamudutsa. Akabwerera ndi zotsatira zoipa timati ndi mbuli, akapanda kuyankha poitanidwa timati ndi wamwano, ena mpaka kumukwapula. Ndi ana angati amene alangidwa kaamba ka makutu awo?

Ndikudziwa zimene ena mwa inu, makamaka odzipereka pa ntchito za umoyo m'midzi, munganene: tili ndi malungo, kutsekula m'mimba, kunyentchera, amayi oyembekezera, nkhani ya ma ampu ndi ya anthu a m'tauni okhuta. Pali choonadi pamenepo. M'dziko muno ana ambiri amasiya kumva kaamba ka mafinya a m'makutu osachiritsidwa, matenda oumitsa khosi, malungo aakulu, chikuku, zovuta pa nthawi yobadwa, ngakhalenso mankhwala ena amphamvu monga gentamicin ndi kwinini, amene amapulumutsa moyo koma nthawi zina amakhudza makutu. WHO imati ana pafupifupi 34 miliyoni padziko lonse ali ndi vuto lalikulu la kusamva, ndipo pa ana 10 aliwonse otere, 6 vuto lawo likanapeweka. Koma mfundo yomweyi ndi imene ikundilimbitsa. Mwana amene khutu lake linafooka kale ndi matenda alibe zambiri zoti ataye, ndipo phokoso limadya chotsalacho. Komanso pa zonse zimene ndatchulazi, phokoso ndi lokhalo limene kulipewa sikulira mankhwala, thiransipoti kapena dokotala. Kumangofuna dzanja pa batani la voliyumu.

Thandizonso lili kutali. Pa chipatala chaching'ono ngati cha Chiosya atha kuyang'ana khutu, kupereka mankhwala a mafinya, ndi kukulemberani kalata yopita ku chipatala cha boma ku Mchinji. Koma kuyeza kamvedwe ka mwana ndi makina ndi kumuika chothandizira kumva kumafuna ulendo wa ku Lilongwe, monga ku ABC Hearing Clinic ku Area 47, kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Kafukufuku amene Dr Wakisa Mulwafu, dokotala woona za makutu, mphuno ndi mmero, anachita ndi anzake ku Thyolo anaonetsa kuti alangizi a zaumoyo akaphunzitsidwa amatha kuzindikira mavuto a makutu m'midzi. Koma kafukufuku wina m'boma lomwelo anapeza kuti mwa ana amene anatumizidwa ku Blantyre, ochepa kwambiri ndi amene anakafika, ndipo mtunda ndi ndalama ya ulendo zinali zina mwa zifukwa zake. Thyolo ili pafupi ndi Blantyre kusiyana ndi mmene midzi yathu yatalikirana ndi Lilongwe. Mutha kuona nokha mmene zingakhalire kuno.

Ndiye muchite chiyani ndi ampu imene mwagula kale? Njira yosavuta yoyezera phokoso muli nayo pathupi panu. Imani motalikirana ndi mnzanu mtunda wa mkono umodzi nyimbo zikulira. Ngati mukuchita kukweza mawu kuti akumveni, phokosolo lafika kale pa mlingo wowononga. Tsitsani mpaka muzitha kucheza mwachizolowezi. Pa foni yamakono mutha kuika pulogalamu yoyeza phokoso. Siikhala yolondola ndendende, koma imakupatsani chithunzi.

Kenako onani pamene mwaika masipika. Ambiri timawaika pansi, mbali ziwiri za kabati, ndendende pa msinkhu wa mutu wa mwana amene akukwawa kapena kukhala pa mphasa. Bambo ali pa mpando mamita atatu uko akumva kuti zili bwino, pamene khanda lili chikhatho chimodzi kuchoka pa sipika, likusangalala ndi kunjenjemera kwa besi. Panja, mtunda ukawirikiza kawiri phokoso limatsika ndi ma desibelo 6, zomwe zikutanthauza kuti nthawi yomvera mosavulala yachuluka kanayi. M'nyumba ya simenti pansi ndi malata opanda siling'i silitsika chomwecho, chifukwa mawu amagunda makoma nkubwerera. Kwezani masipika pa shelefu, ndipo mphasa ya mwana ikhale kutali nawo. Amayi obereka khanda kumsana, pa ukwati kapena pa chiliza, musavinire kutsogolo kwa masipika. Inu mutha kupotoza mutu kapena kutseka khutu ndi chala, wakumsanayo sangathe. Kugona kwake pakati pa phokoso si umboni woti ali bwino.

Pali chizindikiro china chimene ampu yeniyeniyo imakupatsani. Mukakweza batani kupitirira mphamvu zake, mawu amayamba kusasa, besi imamveka ngati chitini chong'ambika, ndipo timagetsi takutsogolo timazilala nyimbo ikagunda. Apo ampu yafika pamapeto, ikudula nsonga za mawu nkumatumiza mphamvu zochuluka ku kasipika kakang'ono ka mawu opyapyala, komwe ndi koyamba kupsa. Amisiri okonza mawailesi amadziwa kuti ampu yaying'ono yokakamizidwa imaotcha masipika monga mmene yaikulu ingachitire. Choncho ngati makutu a ana sakukukhudzani mokwanira, ganizirani za thumba lanu. Ndipo musanyengedwe kuti mukagule ina yoposa: kuwirikiza mawatsi kawiri kumangowonjezera ma desibelo 3, kusiyana kochepa m'makutu mwanu, koma kokwana kudula pakati nthawi imene mwana angamvere bwinobwino.

Batire nayo musaiiwale. Ili ndi asidi ndi mtovu, ndipo ikamatchajidwa imatulutsa mpweya wosachedwa kuyaka. Isakhale m'chipinda chogona, ikani fyuzi pa waya pafupi ndi batire, ndipo yakufa isasanduke choseweretsa cha ana, chifukwa mtovu umawononga ubongo wa mwana ngakhale utalowa pang'ono.

Kwa inu odzipereka amene mumayenda khomo ndi khomo, pempho langa ndi laling'ono. Pamene mukufunsa za neti, chimbudzi ndi katemera, ponyaniko maso pamene pali masipika. Funsani mayi ngati khanda limadzidzimuka chitseko chikamenyetseka, ngati la miyezi 6 limatembenukira kumene kukuchokera mawu, ngati wa chaka chimodzi wayamba kubwebweta ndi kutchula timawu, ngati wa zaka 2 akulumikiza mawu awiri. Funsani ngati wa kusukulu amakonda kunena kuti "mwati bwanji?" kapena kudandaula kuti makutu akulira. Khutu lotuluka mafinya lipite kuchipatala, ndipo likapitirira masiku 14 ndiye kuti vutolo lakhazikika, lisasiyidwe. Letsani kutokosa ndi nthenga kapena chitsotso cha machesi, ndi kuthira madzi a masamba m'khutu.

Chovuta kwambiri si pakhomo, ndi pa msika. M'mavidiyo sho ana amathithikana m'kachipinda kopanda mawindo kwa maola ambiri, sipika imodzi ili mkati, ina panja yoitanira makasitomala, zonse zili pa mapeto a batani. Mu 2022 WHO inatulutsa muyezo wa malo a zisangalalo: phokoso lisapitirire ma desibelo 100 poyeza pa mphindi 15, liziyezedwa, ndipo pakhale malo a phee opumirako makutu. Umenewo ndi wa akuluakulu opita ku dansi mwa kufuna kwawo, si wa ana a pulayimale. Palibe wa boma amene adzabwere ndi makina kudzayeza vidiyo sho iliyonse pa Chiosya. Koma mafumu ndi makomiti a zaumoyo m'midzi anakhazikitsapo kale malamulo a m'dera okhudza zimbudzi ndi kuchilira kuchipatala, ndipo anthu anamvera. Atha kuitana eni mavidiyo sho ndi obwereketsa zoimbira, nkugwirizana kuti masipika azikwezedwa pamwamba pa mitu, ana asamakhale pa benchi loyandikana nawo, ndipo munthu azitha kulankhula ndi woyandikana naye osakuwa. Pa 3 Marichi chaka chilichonse ndi tsiku lokumbukira za makutu ndi kumva padziko lonse, ndipo limafika msika wa fodya usanatsegulidwe, anthu asanayambe kugula zoimbira zatsopano. Komiti yanu ingayambe kuitana msonkhano umenewo pa tsikulo.