Zilembo zovina pa pulogalamu ya maliro

Loweruka lapitali tinali pamaliro a mphunzitsi mnzathu wopuma pantchito kuno ku Njewa. Anatigawira pulogalamu yolembedwa pa kompyuta. Dzina la malemu linali m'zilembo zonenepa, zozungulira ngati mandasi, zina zopendekeka ngati zikuvina. Bambo amene ndinakhala nawo pafupi anaitembenuza kawiri, mwina kuganiza kuti awapatsa khadi la ukwati. Chinandipweteka kwambiri n'chakuti mnyamata amene anakonza pulogalamuyo ndinamuphunzitsa ndekha mu Fomu 3.

Musandimve molakwa anzanga. Ine sindidana ndi zilembo zonenepa. Zili ndi ntchito yake. Font ija ya Cooper Black anaipanga ndi Oswald Cooper ku Chicago, inatuluka mu 1922, ndipo anaipangira otsatsa malonda. Ntchito yake ndi kukuwa. Pa chikwangwani cha minibasi ya ku Chinsapo kapena ku Area 25, pa khoma la okala ku Kawale, pa posita ya mpira wa pasukulu, zilembo zotere ndi zabwino zedi chifukwa munthu amaziwerenga ali patali, ngakhale akuthamanga.

Nayo Comic Sans, imene ambiri mumaikonda, Vincent Connare anaipanga ku Microsoft mu 1994 potengera zilembo za m'mabuku a makatuni. Mu 2012 asayansi a ku CERN anaigwiritsa ntchito polengeza za Higgs boson, ndipo anthu ambiri anaiwala kaye sayansiyo n'kumaseka zilembozo. Ngati akatswiri otere anasekedwa, nanga ife?

Wina anandiyankha kuti, "Aphunzitsi, chofunika ndi mawu, zilembo zilibe kanthu." Ndikukana. Ngati zilibe kanthu, mawa mudzabwere kusiwa mutavala jezi ya mpira, mudzaone ngati anamfedwa angakumvetseni. Munthu amaona maonekedwe a zilembo asanawerenge n'komwe liwu loyamba. Olemba zikwangwani ndi burashi amadziwa zimenezi: dzina la bawo ndi dzina la pamtanda wa kumanda salemba mofanana. Koma kompyuta yatipatsa mafonti ambirimbiri, ndiye aliyense angotola imene yamusangalatsa. Chakomachakoma pusi anagwa chagada.

Ndipo ife aphunzitsi ndife oyamba kulakwa. Ndaonapo pepala la mayeso a Masamu lolembedwa ndi zilembo zosewera, 1 wosasiyana ndi l, 0 wosasiyana ndi O. Mwana alephere funso chifukwa mphunzitsi amafuna pepala lioneke lokongola?

Musanasankhe font, dzifunseni zinthu zitatu. Choyamba, wowerengayo adzakhala patali bwanji? Zonenepa ndi za mutu wa mawu awiri kapena atatu, osati ndime yonse. Chachiwiri, ndi mwambo wanji, wachisangalalo kapena wachisoni? Chachitatu, kodi fontiyo ikudziwa Chichewa? Lembani Malaŵi, ng'ombe ndi m'mudzi. Mafonti ambiri aulere a pa intaneti alibe ŵ, amangoika kabokosi kapena chilembo cha mtundu wina, ndipo mwa ena kachizindikiro ka mu ng' kamamira m'mafuta a zilembozo.

Kwa inu ophunzira anga akale amene muli ndi timashopu tosindikiza ku Biwi, ku Area 23 ndi ku Mgona: kasitomala wolira sangakuuzeni font. Nzeru imeneyo ndi imene akukulipirirani. Mandasi aja asungireni posita ya disiko.