Cholembera chikauma, kodi mabuku a malangizo angatithandize mpaka pati?

Ambiri a ife tili ndi kope limene tinagula ndi cholinga chabwino. Tinati tilembamo mbiri ya banja, mayina a makolo ndi ulendo umene unatifikitsa kuno ku Perth, kuti ana athu obadwira kuno adzadziwe kumene kuli mchombo wa mtundu wawo. Lero kopelo lili m'kabati, ndipo munangolembedwa tsiku ndi mizere iwiri.

Tikadandaula, anzathu amatilozera ku mabuku ophunzitsa kalembedwe. Tisawanyoze mabukuwa. Mu 1973 Peter Elbow analangiza kuti munthu azilemba kwa mphindi khumi osaima ndiponso osakonza kalikonse. Anne Lamott, m'buku lake la Bird by Bird la mu 1994, akuti tiziyamba ndi kachigawo kakang'ono ndipo tisamachite manyazi ndi zolemba zoyamba ngakhale zitaipa chotani. Kwa ife amene tinakulira pansi pa cholembera chofiira cha aphunzitsi, kumene kuphonya chilembo chimodzi kunali mlandu, malangizo otere amamasuladi dzanja.

Komatu chimene chimatigwira dzanja kawirikawiri si kusowa luso ayi. Ndi mantha, ndipo mantha athuwa alembi a mabukuwa sanawaganizire. Achikulire pakati pathu anakulira m'dziko limene lamulo la mu 1968 linakhazikitsa bungwe lounika ndi kuletsa mabuku, ndipo anazolowera kutsitsa mawu ndi kucheuka asanatchule dzina la munthu. Chizolowezi chotere sichitha chifukwa choti wakwera ndege. Jack Mapanje anamangidwa mu 1987 n'kutuluka m'ndende ya Mikuyu mu 1991. Ndakatulo anapitiriza kulemba, koma buku lofotokoza za ukaidi wakewo, And Crocodiles Are Hungry at Night, linatuluka mu 2011, patapita zaka 20. Ngati zinatero ndi katswiri, nanga ife amene timalemba usiku titaweruka kuntchito?

Palinso mantha a pachibale. Nkhani yopeka imabisa wolemba, koma mbiri yeniyeni imatchula amalume amene analanda munda, kapena ukwati umene akuluakulu anagwirizana kuti usamakambidwe. Tikudziwa kuti tsamba limodzi likangofika pa WhatsApp, dzuwa lisanalowe mudzi wonse waliwerenga. Palibe buku la malangizo lingatiuze choti tilembe ndi choti tisiye pamenepa. Imeneyi ndi nkhani yokambirana ndi eni mbumba.

Maganizo athu ndi akuti tiyambire pakamwa, poti ndi pamene luso lathu lili. Samuel Nthara polemba Mbiri ya Achewa anadalira zimene anamva kwa akuluakulu. Munthu yemweyo amene walephera kulemba mzere umodzi amatha kukamba maola awiri pa mwambo wa 6 July popanda kukakamira mawu. Ngakhale kuno, bungwe la Centre for Stories ku Northbridge limathandiza anthu kukamba nkhani za moyo wawo pakamwa, ndipo laibulale ya Battye imasunga mawu ojambulidwa a anthu a m'dera lino.

Choncho tiimbire azakhali akadali moyo. Kuno ikamakwana 8 koloko madzulo, kumudzi imakhala 2 koloko masana, atadya kale nsima. Tiwapemphe chilolezo, tijambule mawu awo pafoni, kenako tiwalembe monga momwe awayankhulira, m'Chichewa chawo chomwecho. Mphindi khumi za a Elbow zija tidzazigwiritse ntchito mawa lake, tili ndi mawu a azakhali patebulo.