Musanakwere ndege kukasamala akuluakulu olumala ubongo

Achinyamata ena kuno ku Chipata, akamaliza giredi 12 kapena koleji ntchito n'kusowa, amamva zoti ku Ulaya kuli midzi yosamalirako akuluakulu olumala ubongo, ndipo imalandira anthu odzipereka ochokera kunja. Nkhaniyi ndi yoona. Vuto ndi loti ambiri amaimva ngati ntchito ya malipiro, ndipo akafika kumeneko amakhumudwa.

Tiyambe ndi eni ake. Kulumala ubongo si misala. Wina amabadwa choncho, wina ubongo unavulala pobadwa movutikira kapena malungo aakulu atamugwira ali wakhanda. Amaphunzira pang'onopang'ono, mwina satha kuwerenga ndalama, mwina mawu samveka bwino, koma amadziwa chimene akufuna ndi chimene sakufuna. Ndiponso amakula. Amamera ndevu, amalakalaka ntchito yakeyake, amapsa mtima mukamuyankhula ngati mwana.

Midzi yotchuka ndi ya mabungwe awiri. Camphill inayamba mu 1940 pafupi ndi Aberdeen ku Scotland, ndipo anaiyambitsa ndi dokotala Karl König yemwe anathawa ulamuliro wa Nazi ku Austria. Mudzi wake woyamba wa akuluakulu, Botton ku England, unatsegulidwa mu 1955. L'Arche inayamba mu 1964 ku Trosly-Breuil ku France, pamene Jean Vanier anayamba kukhala nyumba imodzi ndi amuna awiri olumala ubongo. Kuno ku Africa Camphill ili ku Hermanus ku South Africa ndi ku Otse ku Botswana, pomwe L'Arche ili ku Harare, ku Kampala ndi ku Nyahururu ku Kenya.

Chimene chimasiyanitsa midziyi ndi chipatala ndi kukhalira pamodzi. Wodzipereka saweruka n'kupita kwawo. Amagona m'nyumba yomweyo, amadya patebulo lomwelo. M'mawa mudzutsa bambo wa zaka 45, mumuthandiza kumeta, muonetsetsa kuti wamwa mankhwala a khunyu. Batani la malaya likamuvuta, manja anu adzafuna kumumangira msanga, koma mudzaphunzitsidwa kudikira mpaka amange yekha, ngakhale tiyi azizire. Kenako nonse mupita kophika buledi, koluka nsalu kapena kokama ng'ombe, ndipo nthawi zambiri iye, amene wagwira ntchitoyo zaka zambiri, ndiye adzakuonetsani mmene mtanda amaukandira. Pamenepo m'pamene mtima wodziona ngati mpulumutsi umathera, ndipo n'bwino kuti uthe.

Za ndalama tinene mosabisa. Mupatsidwa chakudya, pogona ndi kandalama ka sopo. Chiphaso cha ku Britain cha odzipereka m'mabungwe achifundo sichipitirira miyezi 12, ndipo sichilola ntchito yolipidwa. Dziko la Germany, kudzera mu pulogalamu ya weltwärts, lakhala likulandira achinyamata ochokera m'mayiko a ku Africa kuyambira 2013, koma nakonso si kokalemera. Makolo oyembekezera malata a nyumba adziwiretu zimenezi. Ndipo wina akakuuzani kuti mumulipire ndalama zambiri kuti akupezereni malo, kayikirani. Lemberani bungwelo mwachindunji.

Musaganizenso kuti ku malo achifundo kulibe zoipa. Mu 2020 bungwe la L'Arche lenilenilo linaulula kuti Vanier, amene anamwalira mu 2019 akulemekezedwa kwambiri, anachitira nkhanza zogonana amayi asanu ndi mmodzi, ndipo kafukufuku wa mu 2023 anapeza osachepera 25. Choncho musachite manyazi kufunsa kuti wovutitsidwa amakadandaula kwa yani, ndipo akakupemphani kalata ya kupolisi musaone ngati akunyozani.

Ine chimene chimandikhudza kwambiri ndi cha kuno kwathu. Chipata ili ndi mbiri yonyaditsa: ku Magwero amishoni a Dutch Reformed anayamba kuphunzitsa akhungu mu 1905, sukulu ya osamva n'kubwera mu 1955, ndipo Cheshire Home imasamala ana olumala. Lamulo la anthu olumala la 2012 lilipo, ndipo thandizo la ndalama la boma limapereka zochulukirapo ku banja lomwe lili ndi wolumala kwambiri. Koma zambiri mwa izi zimayang'ana ana kapena chakudya. Wolumala ubongo akakula amatsala pakhonde tsiku lonse ndi mayi wokalamba, anthu akunong'onezana kuti bambo ake anamukhwimira. Mayiyo usiku sagona, amadzifunsa kuti iye akadzamwalira mwanayu adzatsala ndi yani.

Wobwerera kuchokera ku Camphill kapena ku L'Arche waona ndi maso kuti munthu wotereyu angathe kupatsidwa ntchito n'kuigwira bwino. Sitifunika kudikira nyumba zanjerwa za ku Scotland. Kutongola mtedza, kuthirira dimba, kudyetsa nkhuku, zonsezi zilipo ku Kapata, ku Mchini ndi m'midzi ya kwa Mpezeni. Mpingo ungapereke chipinda masiku awiri pa sabata, a Social Welfare angathandize kupeza mabanja, ndipo wachinyamata wobwerera uja angaphunzitse anzake kudikira ndi kufunsa mwini wake chimene akufuna kugwira.