NYONGOLOTSI NDI WANCHITO WOSALIPIDWA M'DIMBA

Caka ndi caka, mwezi wa Ogasiti ukafika, utsi umakwera m'minda ya ku Katete, Petauke ndi Chipata. Anyamata amaocha mapesi posaka mbewa, eni minda nangoyang'ana. Ife tikuti mapesi amenewa ndi cakudya ca wanchito amene alimi ambiri samuwerengera, ndiye nyongolotsi.

Kacilombo aka kalibe mano. Kamameza masamba owola pamodzi ndi dothi, nikapera zonsezi m'mimba monga momwe nkhuku iperera cimanga ndi timiyala. Zimene kamatulutsa ndi timibulu takuda timene mumationa m'dimba m'mawa, ndipo mizu imapezamo cakudya msanga kusiyana ndi m'zinyalala zosawola. Tinjira timene kamaboola timalowetsa madzi ndi mpweya pansi. Charles Darwin wa ku England analemba buku lathunthu pa za nyongolotsi mu 1881, nawerengera kuti m'madera ambiri a kwao matani oposa 10 a dothi amadutsa m'mimba mwa nyongolotsi pa ekala imodzi caka ciliconse.

Alipo alimi amene amazipha poganiza kuti zimadula mizu. Bodza limenelo. Cimene cimadula mbande za repu usiku ndi mbozi, ndipo zotupa za pa mizu ya matimati zimadza ndi tizilombo tina tosaoneka ndi maso. Nyongolotsi imadya zakufa zokha, ndiponso si mbale wa njoka za m'mimba.

Nanga tiziitana bwanji? Kumbani dzenje pamthunzi, lakuya kufika m'maondo. Yalani mapesi oduladula, masangwe a nshawa, makoko a nthoci, ndowe za ng'ombe ndi dothi pang'ono, mobwerezabwereza mpaka dzenje lidzale. Masabata oyamba mulu umatentha kwambiri, mwina kufika madigiri 60, ndipo nyongolotsi ikalowamo imafa. Musafulumire. Mulu ukazizira zimabwera zokha kucokera pansi. Zikacedwa, tapani fosholo imodzi ya dothi pansi pa nthoci kapena kuseri kwa khola muthiremo. Popeza nyongolotsi imapuma ndi khungu, mulu usaume, komanso usasanduke matope: mukafinya m'manja padonthe dontho limodzi kapena awiri basi. Madzi a sopo ndi a mcere asafikeko. Pamwamba fundikani udzu wambiri, cifukwa nkhuku ikaona nyongolotsi siimva kuingitsa.

Sitikunena kuti alimi ataye feteleza. Pa makilogalamu 100 a Urea, 46 ndi naitrojeni, pamene manyowa a m'dzenje ali ndi imodzi kapena ziwiri cabe. Munda waukulu wa cimanga ungafune ngolo zambirimbiri. Koma dimba la ndiwo pakhomo lingathe kukhala ndi manyowa okha, thumba logula likapita ku cimanga. Ndiponso pali cimene feteleza sangacite. Cilala cimene Boma linacilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse mu Febuluwale 2024 cinatikumbutsa kufunika kwa madzi osungika m'nthaka, ndipo nthaka ya manyowa imasunga cinyontho masiku ambiri kuposa nthaka yoocedwa.

Tikupempha alangizi a zaulimi kuti nkhani iyi aziiphunzitsa pa dzenje lenileni, anthu akuona ndi maso, ndipo mafumu aletse moto wa mbewa m'minda ya eni. Dzenje lodzazidwa mu Juni, pamene mapesi akali ambiri, likamathiriridwa bwino manyowa ake amakhala atapsa mvula isanagwe mu Novembala.