Wofulumira Kuchipatala Amapitako Kawiri

M'nyengo ya dzinja, pamene malungo achuluka m'midzi, makonde a zipatala za Chileka ndi Lirangwe amadzaza dzuwa lisanakwere. Aliyense amene ali pamzerepo ali ndi chimene wasiya m'mbuyo. Mlimi wasiya munda wosapalira, mayi wasiya malonda ake pamsika wa m'mbali mwa msewu wa M1, ndipo mnyamata wa kabaza akuwerenga ndalama zimene zikumupita. Nayenso dokotala akasuzumira pakhomo n'kuona kutalika kwa mzere, mtima wake umakhala pa wodwala wotsatira. Motero anthu awiri ofulumira amakumana m'chipinda chimodzi, nasiyana asanamvane.

Kusamvana kumeneku kumawononga ntchito ya chipatala monga momwe kusowa kwa mankhwala kumawonongera. Dokotala amayamba kudziwa nthenda kuchokera m'mawu a wodwala, ndipo wodwala amachira potsata mawu a dokotala. Pakasoweka kumvetserana, mankhwala abwino amaperekedwa pa nthenda yolakwika, kapena amamwedwa mosayenera.

Vutoli si la kuno kokha. Mu 1984, ofufuza awiri a ku America, Beckman ndi Frankel, anapeza kuti wodwala akayamba kufotokoza mavuto ake, dokotala amamudula mawu patangopita masekondi 18. Mu 2002, madokotala a mumzinda wa Basel ku Switzerland analola odwala kulankhula osawadula, ndipo anapeza kuti ambiri amatsiriza okha mphindi ziwiri zisanakwane. Choncho nthawi imene dokotala amaopa kutaya pomvetsera ndi yochepa ndithu.

Nkhani ya mankhwala a malungo ikuonetsa bwino kufunika kwa kumvana. Mu 1993 dziko la Malawi linasiya chloroquine n'kuyamba Fansidar, amene munthu wamkulu ankamwa mapiritsi atatu nthawi imodzi n'kuthana nazo. Mu 2007 kunabwera mankhwala a LA, amene kamwedwe kake n'kosiyana. LA amamwedwa kasanu n'kamodzi m'masiku atatu. Tsiku loyamba, wodwala akamwa koyamba amadikira maola 8 kuti amwe kachiwiri. Masiku awiri otsatirawo amamwa m'mawa ndi madzulo. Kuchuluka kwa mapiritsi kumatsata kulemera kwa thupi, ndipo mankhwalawa amalowa bwino m'thupi akamwedwa ndi chakudya cha mafuta, monga phala lotendera kapena mkaka. Mayi amene wamva mawu amenewa ali chiimire, mwana akulira kumbuyo, angathe kuleka kumwetsa mwanayo tsiku lachiwiri poona kuti thupi lazizira, nasunga mapiritsi otsalawo kuti adzathandize wina. Pakapita masiku, malungo aja amabwerera.

Wodwala ali ndi mbali yake, ndipo mbaliyo imayambira kunyumba. Asananyamuke, ayenera kukumbukira tsiku limene matenda anayamba, m'mene akumvera, ndi mankhwala alionse amene wamwa kale, kaya ogula pagolosale kaya a zitsamba. Kubisa zimenezi chifukwa choopa kudzudzulidwa n'kudzipweteka yekha, pakuti mankhwala ena sagwirizana. Buku la kuchipatala lisatsale, chifukwa limakumbutsa dokotala zimene mwini wake waiwala. Akalowa m'chipinda, ayambe ndi chimene chikumudetsa nkhawa koposa. Ambiri amayamba ndi mutu ndi msana, nasunga chilonda chobisika kapena chifuwa cha masabata atatu mpaka ataimirira kuti azituluka, cholembera cha dokotala chitatsekedwa kale.

Palinso mwambo wina umene uli wabwino pamudzi koma wosathandiza m'chipatala. Munthu woleredwa bwino amavomera kuti "inde" pamaso pa wamkulu, ngakhale sanamve kanthu. Koma akuluakulu omwewo anati safunsa anadya phula. Sikuchita mwano kunena kuti, "Pepani adokotala, sindinamvetse, mundiuzenso." Ndipo njira yotsimikiza koposa ndiyo kubwereza malangizo ndi pakamwa pake: "Ndiye kuti ndimumwetse awiri tsopano, awiri ena madzulo ano, mawa m'mawa ndi madzulo, mkuja chimodzimodzi?" Ngati panali cholakwika, chimaonekera pomwepo. Agogo amene makutu ayamba kuvuta achita bwino kutenga mdzukulu wamkulu woti awathandize kumva.

Ogwira ntchito m'chipatala, kuyambira dokotala, namwino, wopereka mankhwala pawindo, kufikira mlangizi wa za umoyo amene amayeza ana kusikelo, ali ndi mbali yokulirapo, popeza wodwala amawaopa. Moni waulemu, wakuti "Amayi" kapena "Agogo", umamasula lilime la munthu. Kumuyang'ana pamene akulankhula, m'malo moyang'ana m'buku, kumamuuza kuti mawu ake akumveka. Malangizo akhale ochepa, awiri kapena atatu, ndiponso a m'Chichewa cha pamudzi. Manambala olembedwa pakathumba ka mankhwala sapindulira munthu wosawerenga. Mawu akuti "dzuwa likamatuluka ndi pamene likulowa" aliyense amawasunga. Funso lakuti "Mwamva?" limangobala "inde". Lothandiza ndi lakuti, "Tandiuzani, mukafika kunyumba mukamwa bwanji?"

Ena adzati zonsezi n'zosatheka pamene odwala ndi ambiri ndipo ogwira ntchito ndi ochepa. Kuchepa kwa ogwira ntchito n'koona, ndipo amene amagwira m'zipatala zakumidzi amatopa kwenikweni. Komabe pamzere womwewo pamakhala anthu amene abwera kachiwiri chifukwa ulendo woyamba sanamvetse. Wina matenda akakula amatumizidwa ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo banja limataya ndalama za ulendo, womudikirira amasiya ana ndi munda kwa sabata yathunthu. Poyerekeza ndi zimenezi, mphindi ziwiri zomvetserana n'zotsika mtengo kwa onse.

Kuthamanga sikufika. Wodwala wa ku Chileka, wa ku Lirangwe ndi wa kwina kulikonse asatuluke pachipata cha chipatala asanadziwe zinthu zitatu: dzina la nthenda yake, kamwedwe ka mankhwala ake, ndi zizindikiro zimene akaziona ayenera kubwerera msanga osadikira tsiku limene anauzidwa.