Musanagule fulati pakati pa Joni, onani mabuku a nyumbayo

Agogo athu amene ankabwera kuno pa Wenela ndi pa Theba ankagona m'makomponi a migodi. Kontirakiti ikatha ankanyamula sutikesi ndi bulangete ulendo wa kumudzi. Zogula nyumba mu Johannesburg sankazilota n'komwe, ndipo malamulo a tsankho sakanawalola. Lamulo la Group Areas Act, limene linkagawa malo okhala potengera khungu la munthu, linathetsedwa mu 1991. Lero Mmalawi angathe kugula nyumba m'dziko muno, dzina lake n'kulembedwa ku Deeds Office monga mwiniwake. Ambiri mwa ife atopa ndi lendi, ndipo pamisonkhano ya mabungwe athu a maliro ndi pa zipereganyu funso limamveka ndi lakuti: ndigule kuti, ku Berea, ku Yeoville, ku Mayfair kapena ku Rosettenville?

Yankho lathu ndi ili: pakati pa mzinda uno dzina la dera silikwanira kukuuzani ngati mukugula chuma kapena mavuto. Chimene chimanena zoona ndi nyumba yeniyeniyo, msewu umene ili, ndi mabuku a ndalama zake.

Komabe madera amasiyana, ndipo ndi bwino kuwadziwa. Hillbrow ndi Berea ndi kwa nyumba zosanja zitalizitali, monga Ponte ya nsanjika 54 imene inamalizidwa mu 1975. Mafulati a m'madera amenewa ndi otchipa, ena osafika ndi R300,000 yomwe. Park Station, kumene timakwerera mabasi a ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ndi pafupi, chimodzimodzi chipatala cha Charlotte Maxeke. Koma kumeneku nyumba ziwiri zoyang'anizana zingathe kukhala maiko awiri. Ina ili ndi alonda, chikepe chikuyenda, makonde osesedwa. Inayo madzi anadulidwa kalekale, zinyalala zimatayidwa pawindo. M'misewu ina ya Hillbrow eni nyumba anagwirizana kuyambira mu 2004 pansi pa dzina lakuti eKhaya kuti azilipira limodzi alonda ndi osesa, ndipo munthu amaona yekha kusiyana kwake akangokhota ngodya.

Yeoville timaikonda chifukwa cha msika wa mu Rockey Street, kumene zakudya za kwathu sizisowa, ndiponso chifukwa mlendo sachita manyazi ndi chilankhulo chake. Vuto lake ndi kuthithikana: nyumba zambiri zakale zinagawidwa tizipinda, ndipo mapaipi ndi mawaya amene anaikidwira banja limodzi akusenza mabanja ambirimbiri. Braamfontein ndi yodula, koma ophunzira a pa yunivesite ya Wits amachititsa kuti wolowa lendi asasowe, ngakhale kuti pa tchuthi cha December zipinda zina zimakhala pululu. Maboneng inatchuka pamene nyumba zakale za mafakitale zinasandutsidwa mafulati okongola, mitengo n'kukwera. Kenaka kampani imene inayambitsa ntchitoyo inagwa, nyumba zake zambiri n'kugulitsidwa pa okushoni. Kutchuka kwa dera kumatha, ngongole ya kubanki n'kutsala.

Abale athu Achisilamu ochokera ku Mangochi ndi ku Machinga amakonda Mayfair ndi Fordsburg, pafupi ndi mizikiti, mabutchala a halaal ndi ntchito za m'mashopu a ku Oriental Plaza. Zimenezi ndi zifukwa zomveka, chifukwa munthu amene amapita kuntchito ndi kumapemphero wapansi amapulumutsa ndalama ya thiransipoti mwezi ndi mwezi. Kummwera, ku Rosettenville ndi ku Turffontein, kuli nyumba zoima pazokha, za bwalo ndi zipinda za kuseri zimene mungachititse lendi. Zambiri ndi zakale kwambiri, motero denga, mapaipi ndi magetsi ziyenera kuonedwa ndi mmisiri amene mwamusankha nokha, osati wobwera ndi wogulitsa.

Pamene ambiri amagwera m'mbuna ndi pa mafulati. Mukagula fulati m'nyumba yosanja, nthawi zambiri mumagula mwa dongosolo lotchedwa sectional title. Chipinda ndi chanu, koma denga, masitepe, chikepe, mapaipi ndi geti ndi za eni mafulati nonse. Nonsenu mumapanga bungwe lotchedwa body corporate, ndipo aliyense amasonkha ndalama ya mwezi ndi mwezi, ya levy, yolipirira inshuwalansi, alonda, kukonza zowonongeka ndi mabilu a khonsolo. Eni ena akasiya kusonkha, bungwe limalephera kulipira, khonsolo imadula madzi ndi magetsi a nyumba yonse, ndipo inu amene simunaphonyepo mwezi mumagona mumdima limodzi ndi iwo. Ngongole ya bungwelo imagawidwanso kwa eni onse, aliyense monga mwa kukula kwa fulati yake. Nyumba ikafika pamenepo mabanki amakana kubwereketsa ndalama kwa ofuna kugulamo, ndiye tsiku limene mudzafune kugulitsa kuti mubwerere kumudzi, wogula sadzapezeka. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Penti watsopano ndi matailosi onyezimira sizinena kanthu za ngongole imene ili m'mabuku.

N'chifukwa chake musanasaine chilichonse pemphani malipoti a ndalama a body corporate ounikidwa ndi oditala, maminitsi a msonkhano wa pachaka womaliza, ndi umboni wakuti inshuwalansi ya nyumbayo ndi yolipiridwa. Kuyambira mu 2016 lamulo limafuna kuti bungwe lililonse lotere likhale ndi thumba lapadera la ndalama zokonzera nyumba komanso pulani ya zokonzakonza ya zaka 10. Funsani kuti m'thumbamo muli zingati, ndi eni angati amene ali ndi ngongole ya levy, ndiponso ngati pali msonkho wapadera umene ukubwera wokonzera chikepe kapena denga. Wogulitsa akayamba kuzemba mafunso amenewa, wayankha kale.

Palinso nyumba zolandidwa, zimene zigawenga zimatolera lendi ngati zawo. Palibe Mmalawi wa kuno amene waiwala usiku wa pa 31 August 2023, pamene nyumba ya Usindiso mu Albert Street ku Marshalltown inapsa ndi kupha anthu 76, ena mwa iwo abale athu. Komiti yofufuza imene anatsogolera a Justice Sisi Khampepe inapeza kuti khonsolo ya mzinda, imene inali mwini nyumbayo, inalephera udindo wake. Anthu aja sanali ogula, anali osauka osowa pogona. Koma m'nyumba zoterezi mumapezekanso anthu amene "amagulitsa" chipinda pakamwa, kapena ndi kalata yodindidwa ku polisi. Kalata yotero si umwini. Malonda a nyumba m'dziko muno ayenera kukhala olembedwa, ndipo mumakhala mwini pokhapokha loya woona zosinthitsa umwini atalembetsa dzina lanu ku Deeds Office, mutalandira title deed.

Ndalama ya chikole ipite ku akaunti ya trust ya loya kapena ya ejenti wovomerezeka, osati m'manja mwa munthu, ngakhale atakhala wa kwanu kapena wa mpingo wanu. Ejenti weniweni amakhala ndi Fidelity Fund Certificate imene nthawi yake sinathe, ndipo muli ndi ufulu woiona. Ngati m'nyumbamo mukukhala anthu, lembani m'pangano kuti mudzailandire ili yopanda munthu, chifukwa lamulo la mu 1998 sililola kutulutsa aliyense popanda chilolezo cha khoti, ndipo milandu yake imatenga miyezi. Dziwaninso kuti mabanki kawirikawiri amafuna dipoziti yaikulu kwa mlendo kuposa kwa nzika, ndipo kugula nyumba sikupatsa munthu chilolezo chokhala m'dziko muno.

Mapepala akakhala bwino, yendani ndi miyendo yanu. Pitani kumaloko m'mawa anthu akupita kuntchito, mubwererenso Lachisanu usiku. Chezani ndi mlonda wa pageti ndi mayi wogulitsa tomato pangodya, amene amadziwa masiku amene madzi amasowa ndi msewu umene anthu amalandidwa mafoni. Onani mtunda wofika ku sukulu ya ana, ku kiliniki ndi pa siteji ya mabasi a Rea Vaya kapena ya mataxi.

Abale ndi alongo, ndalama imene mukufuna kugulira nyumbayi inachokera m'thukuta la m'magaladeni, m'makhitchini, pa makina osokera ndi pa ulonda wa usiku. Ndi yomweyonso imene makolo kumudzi akanagulira feteleza. Musaipereke chifukwa choti mnzanu wagula m'dera lakutilakuti, kapena chifukwa wogulitsa akuti mawa kubwera wina. Tengani munthu wodziwa kuwerenga mabuku a ndalama, lipirani loya kuti akuonereni pangano, ndipo mukagula lembani wilo kuti ana anu asadzavutike. Ngati mabuku a nyumbayo sakuoneka, pitirizani kulipira lendi mpaka mutapeza ina.