Anamgumi a ku Tofo, utaka wa ku Mbenji

M'minibasi ya ku Salima mnyamata wina ankaonetsa anzake kanema pafoni: namgumi wa linunda akuvuuka m'madzi ku Tofo, m'chigawo cha Inhambane ku Mozambique, n'kugwa chagada pafupi ndi kaboti ka alendo. Atatha anati, "Kwathu kuno kulibe n'choonera chomwe." Mawu amenewo akundiwawabe.

Chinyamacho n'chodabwitsadi. Chimatalika pafupifupi mamita 15, kulemera matani 30. Chaka ndi chaka anamgumiwa amachoka kumadzi ozizira a ku Antarctica n'kufika kugombe la Mozambique cha mu Julayi mpaka Okutobala kudzabereka. Amphongo amaimba pansi pa madzi. Woyendetsa boti amazimitsa injini, alendo olipira ndalama zankhaninkhani n'kungoti zii, kudikira kuti mpweya utuluke pamutu kuti fwaa, mchira utukuke. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Koma mnyamatayo sanafunse chifukwa chake anamgumiwo alipobe. Anatsala pang'ono kutha, pophedwa chifukwa cha mafuta awo, mpaka mu 1963 pamene mayiko analetsa kupha mtundu umenewu m'nyanja za kum'mwera. Atawaleka kuti abereke, anachulukanso.

Nanga si nzeru yomweyi ili pa chilumba cha Mbenji? Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ufumu wa Makanjira umatseka chilumbachi nyengo ya mvula, kuyambira mu Disembala mpaka cha mu Epulo. Asodzi onse amachokapo, chilimira n'kupachikidwa. Akatsegula, mowa, chamba ndi juga sizikwera bwato. Utaka waukazi, umene umasunga mazira m'kamwa mpaka ana atakhwima, umapeza mpata wolera. Lamuloli silinachokere ku Lilongwe kapena kwa azungu. Ndi la makolo, ndipo anthu amalimvera.

Tsono pitani kumadoko ena muone. Neti ya udzudzu, yomwe inaperekedwa kuti mwana asadwale malungo, ikukokedwa m'mbali mwa bango, kusesa tiana ta nsomba tosakwana chikhadabo. Nkhaniyi ndaidandaula kambirimbiri ndipo sindisiya. Tonse tikudziwa mtengo wa chambo pamsika lero. Wodya mbewu sakolola, nanga wosodza tiana adzavuula chiyani?

Ku Cape Maclear alendo amalipira boti kuti aone nkhwazi ikutsika kudzakwatula nsomba pamadzi. Ndiye kuti ofuna kuonera alipo. N'chifukwa chiyani sukulu za ku Salima sizitengera ana kudoko la Chikombe pa tsiku lotsegula Mbenji, akamve akuluakulu akutchula malamulo, akaone mabwato akulowa m'madzi, akagwire ndi manja utaka wokhwima? Akuluakulu a zokopa alendo m'boma la Salima, mwambowu umachitika chaka chilichonse. Uikeni pa ndandanda wanu.